Shedi ya Manyowa Yopanda Manyowa

Olemekezeka wapampando wa mwambo uno, olemekezeka mkulu wa zaulimi m'chigawo chino, pamodzi ndi alangizi onse amene mwabwera nawo, olemekezeka atsogoleri a dera lino, eni nthaka imene taimapoyi, olemekezeka atsogoleri a mipingo, amene mwatitsegulira tsikuli ndi pemphero, olemekezeka wapampando wa bungwe la alimi a bitiruti wa shuga, alembi, asungichuma ndi komiti yanu yonse, amisiri amene munakweza zipupa izi ndi kukhoma malatawa dzuwa likuswa mtengo, a kwaya amene mwatiimbira mpaka mawu kusasa, atolankhani, alimi nonse, amayi ndi abambo: ndikupatsani moni, ndipo ulemu wanu landirani.

Monga anenera a wapampando, ine ndimayang'anira fakitale ya shuga imene imagula bitiruti wanu, ndipo mwandiitana kuti ndidzatsegule shedi yopangira manyowa yomwe ili kumbuyo kwangayi. Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umenewu. Ndikuthokoza amene anapereka malo, amene anaumba njerwa, amene anatuta mchenga pamutu, ndi amene ankaphikira amisiri. Ndayendera shedi yonse ndisanakhale pansi. Denga ndi lalitali bwino, mphepo ikudutsa, zipinda zotembenuziramo milu ndi zotakasuka moti wilibala ikhoza kuzungulira osagunda khoma, ndipo thanki ya madzi mwaiika pamalo oyenera. Ntchito mwagwira, ndipo muyenera kudziombera m'manja.

Zikomo, zakwana. Ndafuna kuti muyambe mwaomba m'manja, chifukwa zimene zatsala m'kamwa mwangamu sizoombera m'manja ayi. Olemekezeka, amayi ndi abambo, ine ndakwiya. Ndanena poyera kuti wina asabwerere kunyumba akuganiza kuti nkhope yangayi yachita tsinya chifukwa cha dzuwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Lumo limene mwandikonzera ndaliona, lili pambale apo, mwalimangirira ndi kaduwa. Koma ine ndabwera ndi langa, ndipo muyamba mwametedwa ndi limenelo.

Mwandiitana kudzatsegula shedi ya manyowa. Ndalowamo, ndafunafuna ndi maso, ndafunafuna ndi mphuno. Pansi mwakolopa moti munthu akhoza kuyanikapo ufa. Zipupa zikununkhira penti. Pakona mwaika maluwa a pulasitiki m'chitini. Chimene sindinachione ndi manyowa, ngakhale odzaza chikhatho chimodzi. Chonsecho alangizi akhala akundiuza kuti pageti paja pali milu imene alimi anaunjika chilimwe chonse, ikudikira denga limeneli. Milu imeneyo yapita kuti? Khalani pansi, a wapampando a bungwe, musavutike kuyankha. Ndikudziwa kumene ili, chifukwa ndachokera komweko.

Adalaivala anga ankayendetsa lole yonyamula bitiruti asanabwere ku ofesi kwathu, choncho tinjira ta kuno amatidziwa tonse. M'mawa uno anati, "Madamu, tiyeni tidzere chakumunsi, n'kwachidule." Ndinavomera. Titafika pa chigwembe chija chili kuseri kwa minda, fungo linalowa pa windo, ndipo ndinalizindikira nthawi yomweyo. Silinali fungo la chinthu chakufa ayi. Linali fungo la manyowa opsa bwino, lija limafanana ndi la dothi mvula ikangogwa kumene. Ndinati aimitse galimoto. Nditasuzumira, ndinaona manyowa akuda bii atakhuthulidwa m'mbali mwa chigwembe, ena atagumukira pansi penipeni pamene pamadutsa madzi, mbuzi zikupondaponda, dzuwa likuwawamba. Pakati pa zonsezo panali mayi mmodzi ndi beseni, akukokera ndi manja, atavala yunifomu yatsopano ya bungwe lino, yomweyi mwavala enanu.

Ndinatsika, ndinawapatsa moni, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, mukutani m'chigwembe muno anzanu ali ku mwambo?"

Iwo, osaweramuka n'komwe, anati, "Ndikutola munda wanga, amayi."

"Munda?"

"Ee, munda. Dzana kunabwera thirakitala. Akuti kukubwera mlendo, ndiye pageti pakhale poyera. Milu yonse anaikokolola n'kudzaitaya kuno. Waukulu uja unali wanga."

"Inu simunakane?"

"Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Koma akuti mlendoyo ngwa mphumu, akangomva fungo la ndowe amakomoka. Nanga ine ndiphe munthu chifukwa cha manyowa?"

Adalaivala anga anayamba kutsokomola n'kutembenukira kumbali. Sekani, palibe choletsa. Inenso ndikanaseka ndikanapanda kuona manja a mayiwo, ong'alukang'aluka, akukanda pa miyala.

Ambiri a inu mwawadziwa kale mayi amenewa. Mumawatchula kuti Mayi Wilibala, chifukwa simunawaonepo akuyenda chimanjamanja. Ndinawafunsa kuti nanga wilibalayo ili kuti lero, kuti azitutira beseni? Anati a komiti anaibwereka, yatuta mipando. Mipando yomwe takhalirayi, olemekezeka. Amene akudziwa pamene wilibalayo yabisidwa aitulutse panopa, aiike apa poonekera, ine ndikulankhulabe.

Ndinakhala pamwala, iwo akugwirabe ntchito, ndipo anandifotokozera zonse. Amuna awo anamwalira, n'kuwasiyira ana ndi munda umodzi wa ku banja la amunawo. Munda wake ndi wa nthaka yoguga, umene mvula ikagwa madzi amangoyenderera pamwamba, dzuwa likawala n'kuuma gwa ngati simenti. Chaka chatha bitiruti wawo anatuluka ngati zala, ndipo fakitale yathu inamubweza, chifukwa m'timizu totero makina alibe chofinya. Alamu awo atamva anati mundawo wafa, kuli bwino aupereke kwa oumba njerwa. Inu mukudziwa zimene oumba njerwa amasiya akachoka: maenje, ndi nthaka imene ngakhale udzu umaikana. Mayiwa anagwada, anapempha chaka chimodzi chokha. Alamuwo anavomera, koma anati, "Chino chokha, mlamu. Bitiruti akapanda kuoneka, tisadzamvenso zolira."

Chiyambire tsiku limenelo mayi amenewa sanapume. Anasesa makola a mbuzi a eni ake, malipiro ake kukhala ndowezo. Anatola zitosi za nkhuku, masamba a bitiruti otsala pokolola, mapesi, phulusa la pamoto. Anaunjika mosanjikiza monga anawaphunzitsira alangizi, n'kufunditsa ndi udzu. Mulu umafuna chinyezi, ndipo kuno madzi si chinthu choseweretsa. Ndiye ana awo ankasamba ataimirira m'beseni, kuti madzi osambawo akathiridwe pamulu. Otsukira mbale nawo, pamulu. Ankasomeka ndodo pakati n'kuizula kuti amve kutentha kwake, ankatembenuza ndi fosholo msana ukulira, kufikira ndodo inayamba kutuluka yozizira, manyowa atada, akunyenyeka m'manja. Anali atapsa. Chimene chinatsala n'kuwatutira kumunda ndi kuwakwirira m'mizere mvula yoyamba isanagwe. Ntchito ya chilimwe chonse imeneyo, thirakitala inaimaliza anthu asanamalize kuimika tenti.

Ndinawauza kuti akwere galimoto tipite limodzi ku mwambo. Anapukusa mutu. "Pitani, amayi, mungachedwe kukaona mlendo. Mukandionereko ngati mphuno yake ili ngati yathuyi."

Ndiye ndabwera, olemekezeka. Mphuno yake ndi iyi. Iyang'aneni bwinobwino, kuti mukawafotokozere.

Nditafika pano, nyimbo zili m'kati, ndinafunsafunsa kuti matenda angawa anayamba liti, poti ine mwini wake sindikuwadziwa. Nkhani yake ili motere. Sabata yatha kunabwera bwana wina wa ku ofesi kwathu kudzaona ngati zokonzekera zikuyenda bwino. Sindimutchula dzina, akudzidziwa yekha, ndipo ndikuona kuti mwadzidzidzi nsapato zake zayamba kumusangalatsa. Atafika pageti anatulutsa kampango n'kutseka mphuno. Sanalankhule kanthu. Alembi ataona kampangoko anakauza a wapampando a bungwe kuti a ku fakitale sanakondwe ndi fungo. A wapampando anakauza komiti kuti mlendo sagwirizana ndi fungo. Nkhani pofika kwa woyendetsa thirakitala, ndinali wa mphumu; pofika kwa Mayi Wilibala, ndinali wokomoka. Mwambowu ukanachedwa sabata ina, bwenzi mutandiika kale m'manda. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndipo pa anthu onsewa panalibe mmodzi amene anaima n'kufunsa kuti, kodi munthu amene akubwera kudzatsegula shedi ya manyowa akuyembekezera kupezamo chiyani, sopo?

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikulankhula motsitsa. Ndagogoda thanki ija ndi chala, ndipo yandiyankha ngati chigubu chopanda kanthu. Madzi amene anatungidwa kuti azinyowetsa milu, m'mawa uno mwawathira mumsewu waukulu kuti fumbi lisadetse galimoto yanga. M'dera limene ana amasamba ataimirira m'beseni, inu mwamwetsa msewu. Ndipo msewu umenewo ine sindinadzeremo! Pano wauma kale, fumbi likuuluka monga linkaulukira dzulo. Kuseri kwa tenti ndaonanso phulusa lofunda. Ndafunsa, andiuza kuti anali mapesi ndi udzu zimene zinasonkhanitsidwa kuti zikayambe milu yatsopano, ndiye zinkaoneka ngati zinyalala, wina anayatsa machesi. Madzi akatayika saoleka, ndipo mapesi akapsa sabwerera. Zimenezo zapita, koma dziwani kuti zandipweteka.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine pofika madzulo ndikhala nditapita, tenti iyi ipindidwa, maluwa a pulasitiki abwezedwa kumene anabwerekedwa. Otsala pano ndinu, ndi minda yanu, ndi dzuwa lomweli. Tsono zikutheka bwanji kuti anthu otsala awononge chakudya cha nthaka yawo pofuna kusangalatsa munthu wongodutsa?

Mwina wina akudabwa kuti mayi wa suti akupseranji mtima chonchi chifukwa cha ndowe. Ndiloleni ndikuuzeni kumene ndinachokera. Bambo anga ankasesa makola pa msika wa ng'ombe. Ogula ndi ogulitsa akabalalika, iwo ankalowa ndi fosholo ndi tsache. Ndowe zimenezo ndi zimene zinandiphunzitsa sukulu ndi kundiveka nsapato. Anzanga ankanditonza kuti ndikamadutsa ntchentche zimandiperekeza, ndipo ndinazolowera. Chaka china ndinakhoza bwino kuposa onse, ndipo panakonzedwa tsiku lopereka mphoto, mlendo wolemekezeka n'kuitanidwa, monga lero. Bambo anapempha kuweruka msanga. Anasamba mobwereza, anabwereka jekete kwa mnzawo wa telala, koma kumapazi analibe china kupatula majombo a kuntchito, amene anawatsuka mpaka kuwala. Atafika pageti, mphunzitsi amene ankalandira anthu anawayang'ana kumapazi, anakwinya mphuno, n'kunena kuti, "Bambo, taimani kaye panja pa mpandapo. Mlendo akadutsa mulowa."

Mlendo anadutsa, anakhala pansi, analankhula, anadya, anapita. Bambo anga palibe amene anawakumbukira. Dzina langa litaitanidwa ndinayang'ana m'mipando ya makolo, osawaona. Ndinangowamva. Ankaomba m'manja okhaokha kuseri kwa waya, chipewa chili m'khwapa. Pobwerera kunyumba sanadandaule. Anangondifunsa kuti, "Mwanawe, mlendo uja wanena zotani? Kuja mawu samafika." Inenso mawu a mlendoyo sindinawamve, chifukwa maso anga ndi makutu anga zinali ku mpanda tsiku lonse. Mpaka lero ndikakumbukira majombo aja mtima umandiwawa. Ndiye lero, imvi zili mbuu kumutuku, ndipeze kuti mlendo amene akubisiridwa anthu ndi ntchito zawo ndine? Ayi, olemekezeka. Chitani zina, koma zimenezo m'dzina langa ayi.

Tiyeni tikumbutsane chimene chatisonkhanitsa pano, poti zikuoneka kuti penti watiiwalitsa. Bitiruti wa shuga ndi mbewu yopirira. Muzu wake woyera uja umatsika pansi kufunafuna chinyezi kumene mbewu zina zimalephera kufika, ndipo n'chifukwa chake tinamubweretsa ku dera louma ngati lino. Koma kupirira kuli ndi malire ake. Mmera wake ndi wanthete, ndipo nthaka ikauma n'kulimba pamwamba, sutha kuboola. Muzu ukakumana ndi dothi louma gwa umapindika, umachita mphanda, umapinimbira, ndipo shuga amene tikumufunayo sachuluka. Feteleza wa m'thumba sindikumunyoza. Amadyetsa mbewu, koma samwetsa. Mukamuthira pa nthaka youma, mvula n'kudula, amaotcha m'malo mothandiza. Manyowa ndiwo amafewetsa nthaka, amasunga madzi a mvula imodzi kuti afikire mvula inayo, ndipo mphamvu yake siithera m'chaka chimodzi.

Ndipo si ndowe zilizonse zimene mungangotola m'khola n'kukathira kumunda. Zaziwisi zimaotcha mmera ndi kuchititsa mizu mphanda. N'chifukwa chake timaunjika, timanyowetsa, timatembenuza, timadikira. Shedi iyi tamangira kudikira kumeneko, kuti dzuwa lisamwe mphamvu ya mulu usanapse. Tsono taonani nzeru zathu: tamanga denga lotchinga dzuwa, n'kutenga manyowa opsa kale kukawayanika padzuwa. Walira mvula walira matope. Shuga woyera amene mwathira mu tiyi m'mawa uno, olemekezeka, amayambira m'khola la mbuzi, ndipo amene akuchita naye manyazi kholalo ayambe kumwa tiyi wopanda shuga.

Ndikutembenukira kwa inu anzanga a mipando ya kutsogolo, chifukwa mlandu uwu si wa komiti yokha. Komiti yachita zimene anthu ngati ife timaombera m'manja. Timafika pamalo, timayamikira miyala yopaka njereza, timajambulitsa, timakwera magalimoto, osafunsa kuti kuseri kwa tenti kuli chiyani. Anthu anaona kuti chimene chimatisangalatsa ndi kuyera, ndiye amatiyeretsera. Mwana wa malaya ong'ambika amaikidwa mzere wa kumbuyo, munda wolephera amaulambalalitsa, mlimi wodandaula amamutuma kutali tsiku limenelo. Ife timabwerera ku maofesi titaona dziko lopentedwa, n'kukakonza mapulani a dziko limene kulibe. Mapulaniwo akalephera timati alimi ndi aulesi, alimi samva. Aulesi ake ati? Amene ndawasiya m'chigwembe aja?

A wapampando a bungwe, sindikukuchotserani ulemu pamaso pa anthu anu. Ndikudziwa kuti mwathamangathamanga kuti tsikuli litheke, ndipo ndikudziwa kuti munkafuna kundilemekeza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ulemu umene ukulanditsa munda wa mayi wamasiye ine sindingaulandire, ndipo ndikuubweza pano anthu akuona. Kuyambira lero, aliyense wochokera ku fakitale kwathu akatseka mphuno pageti apo, mumuonetse njira yobwerera, ngakhale atakhala ineyo.

Kukalipa kokha sikumeretsa mbewu, choncho imvani zimene fakitale ichite. Thanki imene yakhuthulidwa chifukwa cha ine, galimoto yathu ya madzi ibwera mawa kudzaidzaza. Malole athu amabwera kuno opanda kanthu podzatenga bitiruti. Kuyambira nyengo ino azibwera atanyamula zotsalira za ku fakitale zimene alangizi aone kuti n'zoyenera kulowa m'milu, pamodzi ndi dothi limene timatsuka ku mizu yanu, poti ndi lanu kale. Atolankhani lembani zimenezi, ndipo ndikadzachedwa kukwaniritsa mudzandifunse poyera. Musaombe m'manja, sindinamalize.

Ndauzidwa kuti alamu awo a Mayi Wilibala ali m'tenti muno. Sindikuuzani kuti muimirire, bambo. Munda ndi wa banja lanu, ndipo ine sindinabwere kudzaweruza za m'nyumba mwa eni. Munalonjeza chaka chimodzi, ndipo mpaka pano mawu anu mwawasunga, pamenepo ndikukulemekezani. Koma mwamva ndi makutu anu kuti amene anataya manyowa si mlamu wanu. Ndiye ndikupempha, ine monga mayi amene ndili ndi ana, kuti mbewu ikadzalephera chifukwa cha zimene tachita ifeyo, musadzati mlamu walephera. Oumba njerwa ayambe adikira chaka china. Mukuti bwanji?

Simunayankhe, ndipo mutu simunagwedeze. Chabwino, sindikukakamizani, ndipo wina asawang'ung'udzire. Anena zoona mwa kukhala chete, kusiyana ndi kundivomera pano n'kukasintha kunyumba. Ndiye kuti tonse tamva mofanana. Mayi aja alibe chaka china. Ali ndi chino chokha, ndipo chino chili m'chigwembe.

Tsopano tayang'anani uko, pamwamba pa denga la shedi. Mitambo imeneyo inu alimi mumaidziwa kuposa ine. Chaka chonse timaiyembekezera, ndipo abusa aipemphereranso m'mawa uno. Sindingaiuze kuti ibwerere. Koma mvula imeneyo ikagwa manyowa akadali pansi paja, madzi oyamba awakokolola onse kupita nawo kumene palibe amene adzawapeze, ndipo chaka chamawa tidzadutsa pamunda wa mayi aja tikuona maenje ndi utsi wa njerwa, ife titakhuta chakudya cha mwambo wa manyowa.

Pulogalamu ikuti ndikamaliza kulankhula pabwera sewero, ndakatulo ndi chakudya. A sewero mutikhululukire, mudzationetsa tsiku lina. A kukhitchini vundikirani miphika, tidya tikabwerako. Bambo a thirakitala, njira mukuidziwa. Munapita nawo ndinu, mukabwera nawo ndinu. Lole imene yabweretsa tenti ikutsatireni. Adalaivala, pindani mipando ya kumbuyo m'galimoto yanga, ikanunkha inunkhe. Amene nyumba zanu zili pafupi thamangani mukatenge mafosholo, makasu, ndowa ndi matumba. Milu imene inali isanapse ibwere ilowe mu shedi muno. Mulu wa Mayi Wilibala unapsa kale, usabwere kuno. Upite molunjika kumunda kwawo, ndipo tiukwirira m'mizere lero lomwe, kuti mvula ikagwa iwapeze ali pansi pa dothi. Olemekezeka a mzere wa kutsogolo, palibe amene ndikumukakamiza, koma ine ndikupita, ndipo mipando yanuyi anthu akuionetsetsa.

Sindikulonjeza kuti tipulumutsa onse. Ena dzuwa lawamwa kale, ena mbuzi zamwaza. Koma beseni limodzi silingapikisane ndi mvula, pamene ife pano tadzaza tenti.

Chotero, olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, mwa mphamvu zimene mwandipatsa, ndi mtima umene sunaphwebe, ndikulengeza kuti shedi ya manyowa iyi ndi yotsegula kuyambira tsopano lino. Bweretsani lumolo. Riboni yaduka, iyo. A kwaya musayambe nyimbo, mukaimbira kumunda.

Tamverani, chagogoda pa tentipa si mwala ayi, ndi dontho loyamba, ndipo mayi aja akadali pansi paja okhaokha. Zikomo kwambiri nonse. Nyamukani, tithamange.